Chisomo cha Mulungu sichigulidwa pa foni

Pali mawu ochepa amene Amalawife timawakonda ngati "chisomo". Tawalemba kumbuyo kwa maminibasi, pa maokala ndi pa masaluni. Kusukulu iliyonse simulephera kupeza mwana dzina lake Chisomo. Mnzathu akagula galimoto n'kuiponya pa Facebook, amangolemba kuti "ndi chisomo basi". Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 77 pa 100 alionse m'dziko muno ndi Akhristu. Koma ndikamaona zimene zikuchitika m'mafoni mwathumu, ndimakayika ngati mawuwa tikuwamvetsa.

Tsegulani Facebook kapena TikTok usiku. Mupeza munthu wa Mulungu ali laivi, thukuta kamukamu, akulalikira za chipulumutso. Pansi pa sikirini pali nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba. Akuti bzala mbewu kuti zitseko zako zitseguke. Mbewu ya ntchito ili ndi mtengo wake, ya banja mtengo wake, ya ulendo wa ku Joni mtengo wakenso. Pali madzi odzozedwa, mafuta ndi masitika. Kuonana ndi "papa" paokha, nakonso n'kolipira.

Ine ndikuti chinthu chilichonse chimene chili ndi mtengo ndi malonda. Tisachipatse dzina loti chisomo.

Chikhristu chimaphunzitsa kuti ubale wa munthu ndi Mulungu unasokonekera chifukwa cha tchimo, ndipo amene anayamba kuukonza ndi Mulungu mwiniwake. Pa 2 Akorinto 5, Paulo akufotokoza kuti kudzera mwa Khristu, Mulungu anayanjanitsa anthu ndi Iye mwini, osawawerengera zolakwa zawo. Pa Aroma 5 akuti Khristu anatifera tisanasinthe n'komwe. Pa Aefeso 2 akuti chipulumutso ndi mphatso, kuti pasapezeke wodzitama kuti anachigwirira ntchito. Mwachidule, wolakwiridwa ndi amene anapita kwa wolakwa, ndipo chindapusa analipira yekha. Kubwalo la amfumu zimenezi sizichitika.

N'chifukwa chake zimativuta kukhulupirira. Tinakula tikumva kuti kupatsa n'kuika, ndiye mphatso iliyonse timaiona ngati ngongole yodzabweza. Sing'anga sakukumbira mankhwala usanapereke chipondamthengo. Wakatapila akakubwereka ndalama, pakutha pamwezi amafuna yake ndi chiwongoladzanja. Munthu akatiuza kuti Mulungu amakhululuka kwaulere, mumtima timati pali chinachake chikubisika apa. Wina akabwera n'kunena kuti perekani mwakuti, timapeza mtendere chifukwa izi ndiye tinazizolowera. Ochenjera anaona mpata umenewu n'kutsegulapo shopu.

Werenganinso nkhani ya mwana wolowerera pa Luka 15. Mnyamata uja atamwaza chuma n'kuyamba kusirira chakudya cha nkhumba, anakonza pulani yoti akapemphe kukhala wantchito kwa bambo ake. Maganizo ake anali a ganyu: ndikagwire ntchito kuti andilandire. Bambo ake anamuona ali patali, anathamanga n'kumukumbatira. Mawu opempha ganyu aja mnyamatayo sanafike powatchula, bambo anali ataitanitsa kale chovala, mphete ndi nsapato. Nanga chigawenga chija cha pa mtanda pa Luka 23? Manja ake anali okhomedwa. Sakanatha kupereka chakhumi, kusala kudya kapena kukwera phiri. Anangopempha kuti akumbukiridwe, ndipo Yesu anamulandira tsiku lomwelo.

Malonda a chisomo sanayambe ndi foni zam'manja. Pa 2 Mafumu 5, Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, atachira khate anafuna kupatsa mneneri Elisa mphatso. Elisa anakana. Wantchito wake Gehazi anathamangira mlendoyo, n'kumunamiza, n'kulandira siliva ndi zovala. Khate lija linasamukira kwa iye. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopereka Mzimu Woyera, ndipo Petro anamudzudzula kuti awonongeka pamodzi ndi ndalama zakezo.

Ku Germany mu 1517, mlaliki wina dzina lake Johann Tetzel ankayenda m'matauni kugulitsa zikalata zimene ankati zimachepetsa chilango cha machimo, ngakhale kwa abale amene anamwalira kale. Gawo la ndalamazo linkapita kukamangira tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Rome. Martin Luther, amene ankaphunzitsa ku Wittenberg, analemba mfundo 95 zotsutsa malondawo, ndipo mkangano umene unabuka unagawa mpingo. Mpingo wa Katolika nawo unadzaletsa mchitidwewu: mu 1567 Papa Pius V anathetsa zolipiritsa ndalama pa zikalatazi. Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainira chikalata chogwirizana kuti munthu amapulumutsidwa ndi chisomo, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa chakuti wachita zomuyenereza. Zinatenga zaka 482 kuti afike pamenepo. Ife lero tikubwezeretsa sitolo ya Tetzel, kungoti yathuyi imayendera bandulo.

Wina anena kuti asiyeni, ndalama ndi zawo. Koma taonani amene akulipira. Ndi mnyamata amene anamaliza sukulu zaka zitatu zapitazo ndipo ntchito sikupezeka. Ndi mayi amene watenga ngongole ku banki m'khonde kuti abzale mbewu ya machiritso a mwana wake. Zinthu zikapanda kusintha, amauzidwa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa, awonjezere mbewu. Munthu amabwerera kunyumba wopanda ndalama, atasenzanso mlandu woti Mulungu wamukana. Ena amafika posiya mankhwala a kuchipatala, ngakhale ma ARV, poganiza kuti kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu.

Munthu akakhulupirira kuti Mulungu amafuna malipiro, malire amasowa. Ku South Africa mu 2016, m'busa Lethebo Rabalago ankapopera anthu Doom kumaso ponena kuti akuwachiritsa, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Ku Kenya mu 2023, apolisi anayamba kufukula mitembo m'nkhalango ya Shakahola, ndipo inapitirira 400. Ofufuza anati anthuwo anauzidwa kuti asale kudya mpaka kufa kuti akaonane ndi Yesu. Ambiri mwa iwo anali ana.

Musandimve molakwika, abale. Sindikunena kuti tisamapereke kutchalitchi. Magetsi amalipiridwa, denga limafuna malata, abusa ali ndi ana ofuna fizi, ndipo zipatala ndi masukulu ambiri m'dziko muno anamangidwa ndi mipingo. Paulo yemweyo analemba kuti wogwira ntchito ya uthenga wabwino ayenera kudyerapo. Kusiyana kuli apa: wothokoza amapereka chifukwa walandira kale, wogula amapereka kuti alandire. Muyeso wake ndi wosavuta. Kodi munthu wopanda ngakhale K100 angalandire pemphero lomwelo, pa mzere womwewo, ndi ulemu womwewo? Ngati yankho ndi ayi, pamenepo ndi pamsika. Suti yonyezimira ndi makamera zisakupusitseni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Palinso ena amene amamva kuti chisomo n'chaulere n'kuganiza kuti apeza laisensi. Loweruka kubera anthu pa foni ponamizira kuti mwatumiza ndalama molakwika, Lamlungu kuimba kwaya, n'kumati tili pansi pa chisomo. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene anaphedwa ndi boma la Hitler mu 1945, anachenjeza za chisomo chotchipa chotere, chokhululukira munthu amene alibe n'cholinga cholapa. Zakeyu pa Luka 19 akutionetsa dongosolo lake. Yesu analowa m'nyumba mwake iye asanabweze kalikonse. Atalandiridwa, m'pamene analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Kusinthaku kunabwera pambuyo, ngati chipatso.

Kuyanjana ndi Mulungu kumaonekeranso pa mmene tikukhalira ndi anzathu. Pa Mateyu 18 pali wantchito amene mfumu inamukhululukira ngongole yaikulu, iye n'kutuluka kukagwira pakhosi mnzake wa kangongole kochepa. Timachita zomwezo tikamayalutsa munthu m'magulu a WhatsApp, kufalitsa zithunzi za mtsikana amene walakwitsa, kenako n'kuika vesi pa sitatasi. Amene walawa chikhululukiro dzanja lake limalemera pofuna kudina batani lotumizira manyazi a mnzake.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga izi munasiya kale kupemphera. Mwina ndi mimba imene inabwera ukwati usanachitike, mwina ndalama ya fizi inathera kubetcha mpira, mwina ndi zimene mumaonera usiku anthu akagona. Mukudikira kuti muyambe mwakonzeka, kapena mupeze kaye kenakake kokapereka. Wodwala sadikira kuti achire ndiye apite kuchipatala. Mungathe kulankhula ndi Mulungu pomwe mulipo, m'chipinda cha lendi, mu minibasi, m'mawu anu a tsiku ndi tsiku, opanda wokuimirani pakati wofuna kake. Kenako pezani mpingo umene umatsegula Baibulo kuposa mmene umatsegulira chikwama, ndipo ngati pali munthu amene munamulakwira, muimbireni foni.

Baibulo lathunthu m'chinenero chathu, Buku Lopatulika, lakhalapo kuyambira 1922, ndipo lero mungaliike mu foni. Machaputala amene ndatchulawa si aatali. Usiku uno, musanatumize mbewu ku nambala ina iliyonse, werengani Luka 15 nokha, muone ngati bambo uja anafunsa mwana wake kuti wabwera ndi zingati.