Kuchotsa Apilo Pambuyo Pophwanya Malamulo a Chilango cha Kunja: Banja Liganize Kaye

M'makhoti a majisitireti ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, si aliyense wopezeka wolakwa amene amapita kundende. Ena, makamaka olakwa koyamba, amabwezedwa kwawo pa malamulo: asapalamulenso kwa nthawi yoikika, azikaonekera kwa woyang'anira, kapena agwire ntchito zothandiza anthu. Akaphwanya malamulowo, khoti likhoza kuthetsa mwayiwo n'kuwatumiza kundende.

Apa m'pamene mabanja ambiri amathamangira apilo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wokadandaula ku khoti lapamwamba, ndipo apilo yochokera kwa majisitireti imapita ku High Court. Koma pakapita miyezi, ndalama zikatha, ena amayamba kunena kuti bola kungoichotsa.

Nthawi zina maganizo amenewa amakhala anzeru. Ngati chilango n'chachifupi, munthu akhoza kutuluka apilo isanamvedwe. Komanso High Court ili ndi mphamvu yochepetsa chilango ngakhalenso kuchiwonjezera, choncho apilo yopanda maziko ikhoza kubweretsa chisoni chachiwiri.

Koma kuchotsa apilo kuli ndi mtengo wake. Chigamulo chimatsala momwe chilili, dzina limakhalabe m'kaundula wa opalamula, ndipo kudzaitsegulanso nkhaniyo n'kovuta. Ndende nazonso si malo opitako mwachibwana: mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kumaphwanya ufulu wa akaidi.

Funso lalikulu ndi ili: kodi munthuyo adaphwanyadi malamulo aja? Msodzi amene adalephera kukaonekera chifukwa mwera udamutsekereza kutsidya kwa nyanja safanana ndi amene adabanso. Ngati sadapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake, apiloyo ili ndi poyambira, ndipo kuitaya chifukwa cha kutopa n'kudziluza.

Abale ndi alongo, apilo ndi ya mwini mlandu. Si ya amalume, si ya amene akulipira loya. Banja limulangize, koma lisamukakamize. Asanasaine chikalata chilichonse, afunse zinthu zitatu: ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji m'ndende, apiloyi ili ndi mphamvu yotani, nanga ndikaichotsa nditaya chiyani? Ngati vuto ndi ndalama basi, a Legal Aid Bureau amaimirira anthu osauka, ndipo ma paralegal a PASI amayendera ndende kufotokozera akaidi za milandu yawo. Yambani mwawafikira iwowa.