Zitsulo za pakati pa mseu zisaphe wa njinga yamoto

Njinga zamoto zaculuka kuno ku Nangongwe, ndipo anyamata athu amalowa nazo mu mseu waukulu wa ku Lusaka, pakati pa malole ocokera ku Chirundu ndi ku Livingstone. Zitsulo zochinga pakati pa mseu zimateteza magalimoto kuti asagundane. Koma wa njinga akagwa amatsetsereka pansi, nakamenya nsanamira zake, zimene zimathyola khosi ndi miyendo. Mankhwala ake alipo: ku Spain amaika citsulo cina m'munsi cophimba nsanamirazo. Inu a RDA ndi a RTSA, pomanga zochinga musaiwale citsulo cimeneci, makamaka pa makona. Pamaso pa Mulungu, mnyamata wonyamula makala ndi bwana wa m'Pajero moyo wao ndi wofanana. Nanunso anyamata, valani cipewa colimba.