Dzina lobwereka lili ndi mtengo wake

Abale anga owerenga tsamba lino, makamaka inu a kumudzi ndi inu atsogoleri a mipingo, lero ndati tikambirane za bizinesi ina imene imakopa mtima wa munthu akapeza kangachepe, kaya ndi penshoni, kaya ndi ndalama za fodya, kaya zotumizidwa ndi ana a ku Joni kapena ku Mangalande. Bizinesi yake ndi yotsegula malo odyera pogwiritsa ntchito dzina la kampani yotchuka kale, monga KFC, Debonairs Pizza kapena McDonald's. Pa Chingerezi amati franchise, koma ife tingoti kubwereka dzina.

Mmene zimayendera ndi motere. Nyumba mumanga kapena kuchita lendi ndinu, antchito mulemba ndinu, ngongole ya ku banki ndi yanu. Eni dzina amakupatsani chikwangwani chawo, kaphikidwe kawo ndi malamulo awo, inu n'kumawalipira. Maganizo anga ndi akuti bizinesi imeneyi si yoipa, koma ndalama imene anthu amamva poyamba ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wake wonse. Munthu wosadziwa zimenezi angathe kugulitsa munda ndi ng'ombe chifukwa cha chinthu chimene sangachimalize.

Nditenga zitsanzo zambiri za ku America chifukwa kumeneko lamulo limakakamiza makampani kulemba mitengo yawo poyera. Amene akufuna kutsegula McDonald's amayamba walipira ndalama yolowera yokwana madola 45,000, ndipo pangano lake limakhala la zaka 20. KFC nayo imalipiritsa madola 45,000 kumeneko. Kampani yogulitsa buledi woikamo nyama ndi masamba yotchedwa Subway imalipiritsa madola 15,000. Tikawerengera pa mtengo wa m'mabanki wa mu November 2023, pamene dola imodzi inkasinthidwa pafupifupi K1,700, madola 45,000 aja ndi K76.5 miliyoni. Ndalama yonseyi ndi yongogulira chilolezo chopachika dzina pakhomo. Simunagule mpando ngakhale umodzi, ngakhale thumba la mbatata.

Tsono pabwere zomanga. Eni dzina salola kuti mumange mmene mukufunira. Amanena okha kukula kwa khitchini, mtundu wa makina okazingira nkhuku ndi tchipisi, mafiriji, mipando, magetsi a pachikwangwani, makina owerengera ndalama, ngakhale yunifolomu ya antchito. Zambiri mwa izi mumagula kwa ogulitsa okhawo amene iwo avomereza, ngakhale mutapeza zotsika mtengo kwina. Zonse zikaphatikizidwa, kutsegula McDonald's yatsopano ku America kumadya madola oposa 1 miliyoni, ndipo malo ena kuposa 2 miliyoni. Pa mtengo wa dola uja, 1 miliyoni yokhayo ndi K1.7 biliyoni. Ngakhale Subway, imene imadziwika kuti ndi yotsikirapo, imafuna pafupifupi madola 200,000 kapena kuposa apo. Mukuona nokha kuti ndalama yolowera ija yamira m'kati mwa zinazi.

Komanso makampani amenewa safuna munthu wodalira ngongole yokhayokha. Kwa zaka zambiri McDonald's inkafuna kuti wopempha akhale ndi ndalama zakezake zosakongola zosachepera madola 500,000, ndi kuti pa malo atsopano alipiretu 40 peresenti ya mtengo wonse kuchokera m'thumba mwake. Sachita izi chifukwa cha nkhanza ayi. Amadziwa kuti malo odyera atsopano amatha miyezi asanayambe kudzilipirira okha, pamene lendi, malipiro a antchito, madzi ndi magetsi sizidikira. Ndalama yopirira nayo miyezi yoyambayi ndi imene anthu ambiri amaiwala powerengera, ndipo ndi imene imagwetsa bizinesi isanaime n'komwe.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse kwambiri ndi ichi: mukatsegula, kulipira sikutha. Mwezi ndi mwezi eni dzina amatenga gawo lawo, ndipo amalitenga pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Ku Subway gawo limeneli ndi 8 peresenti, kuwonjezapo 4.5 peresenti ya zotsatsa malonda. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse yolowa m'kabati, K125 yapita kale musanagule ufa, musanalipire wophika, musanabweze ngongole. McDonald's inkatenga 4 peresenti kwa zaka zambiri, koma kuyambira January 2024 inakweza kufika pa 5 peresenti pa malo atsopano ku America ndi ku Canada. Kuwonjezera apo, kawirikawiri malo ndi nyumba zimakhala za kampaniyo, choncho wobwereka dzina amalipiranso lendi kwa iwo omwewo. Mwezi umene mwaluza, gawo lawo amatengabe. Mlimi amene analimapo fodya pa munda wa mwini azimva msanga zimenezi: matalala akaononga fodya, ngongole ya feteleza ndi chakudya imakhalabe pa iye.

Kale zinthu sizinali zolemera chotere. Pamene Harland Sanders anayamba kubwereketsa kaphikidwe ka nkhuku zake mu 1952, woyamba kutenga anali Pete Harman wa ku Salt Lake City, ndipo malipiro ake anali masenti owerengeka pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa. Fred DeLuca anayamba Subway mu 1965 ndi madola 1,000 amene anam'patsa Peter Buck. Nkhani zimenezi zimakoma kumva, ndipo okopa anthu amakonda kuzifotokoza. Koma tisaiwale kuti anthu amenewa anali eni dzina kapena oyamba kulowa. Wolowa lero amapeza mitengo ya lero.

Wina anganene kuti, nanga dzina lalikulu silibweretsa makasitomala? Limabweretsa ndithu, ndipo sindikutsutsa ubwino wake. Wobwereka dzina amaphunzitsidwa ntchito, amapeza kaphikidwe koyesedwa kale, ndipo anthu amalowa pakhomo tsiku loyamba chifukwa akulidziwa dzinalo. Koma dzina palokha si chitsimikizo cha phindu. Ku South Africa, kampani yotchedwa Taste Holdings inatenga chilolezo cha Domino's Pizza mu 2014 ndipo inatsegula Starbucks yoyamba ku Johannesburg mu 2016. Maina onsewa ndi odziwika dziko lonse lapansi. Koma kutsegula nthambi kunadya ndalama zambiri kuposa zimene zinkalowa, moti mu 2019 kampaniyo inagulitsa bizinesi ya Starbucks pa mtengo wa R7 miliyoni yokha, ndipo mu 2020 inatseka mbali ya Domino's. Ku America komweko, Subway inali ndi nthambi pafupifupi 27,000 mu 2015, koma pofika kumapeto kwa 2024 zinatsika kufika pansi pa 20,000. Nthambi zotsekedwazo zinali ndi eni ake, anthu amene anaikamo chuma chawo. Ngati akatswiri okhala ndi owerengera ndalama ndi maloya angapunthwe chotere, kuli bwanji mphunzitsi wopuma pa ntchito amene wanyamula penshoni yake yonse m'chikwama chimodzi? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno kwathu pali mtolo wina umene anzathu a ku America sausenza. Makina ambiri a m'khitchini zotere amachokera kunja, zokometsera zina ndi zokutira chakudya nazo zimachokera kunja, ndipo ngati mwini dzina ali kunja, gawo lake liyenera kutumizidwa mu ndalama zakunja. Inu mukugulitsa mu kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anawerengera mtengo wa makina ake kwacha isanagwe anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama zake sizikukwananso. Mu 2024 chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya Reserve chinafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki wamba amakongoza pamwamba pa zimenezi. Onjezanipo jenereta ndi dizilo yake, chifukwa nkhuku za mufiriji sizidikira kuti magetsi ayake. Nyumba kapena munda zikaikidwa chikole pa ngongole yotere, bizinesi ikagwa ndi banja lonse limene limagona panja.

Maiko ena anaona kuti anthu akupusitsidwa ndipo anaika malamulo. Ku America, kuyambira 1979, mwini dzina amakakamizidwa kupereka chikalata choulula zonse, ndipo masiku ano chimayenera kuperekedwa kutatsala masiku 14 munthu asanasaine kapena kulipira kalikonse. Chikalatachi chili ndi mitu 23. Mutu wa 7 umafotokoza mtengo wonse woyambira, ndipo mutu wa 20 umaonetsa nthambi zimene zatsegulidwa ndi zimene zatsekedwa, komanso maina a anthu amene anasiya bizinesiyo. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 limafunanso chikalata chotere masiku 14 pangano lisanasainidwe, ndipo limalola wobwereka dzina kubweza maganizo m'masiku 10 a ntchito atasaina. Amene muli ndi ana m'maiko amenewa, auzeni kuti ufulu umenewu ali nawo. Ndipo aliyense, kulikonse kumene ali, angathe kupempha zomwezi. Mwini dzina wokana kuonetsa mitengo yonse pa pepala wakuuzani kale zimene muyenera kudziwa.

Ndikulankhula ndi inu abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo chifukwa anthu amafika kwa inu asanachite zinthu zazikulu. Amabwera kudzapempha pemphero ndi madalitso, nthawi zinanso amapempha kuti gulu la mpingo kapena banki mkhonde iikepo ndalama zake. Apempherereni, komanso afunseni mafunso. Kodi mtengo wonse kufikira tsiku lotsegula ndi ndalama zingati? Kodi mwasunga zingati zolipirira lendi ndi antchito ngati miyezi isanu ndi umodzi itadutsa popanda phindu? Kodi eni dzina azitenga zingati pa mwezi, ndipo mu ndalama ya dziko liti? Kodi pangano likatha, kapena mutafuna kusiya pakati, chotsala m'manja mwanu n'chiyani? Kodi mwacheza ndi munthu amene anayesapo bizinesi yomweyo n'kuisiya? Kodi loya wanuwanu, osati wa kampaniyo, wawerenga panganolo? Ndipo kodi mayi a kunyumba ndi ana akudziwa kuti nyumba yaikidwa chikole? Safunsa anadya phula.

Pomaliza, tisanyoze zathu. Mayi wophika nsima ya chambo kapena ya nkhuku yachikuda pa tauni yaing'ono, pa dzina lakelake, sagawana ndi munthu ndalama zimene wagulitsa, ndipo akhoza kuyamba ndi mpamba wochepa n'kumakula pang'onopang'ono. Chimene angaphunzire kwa makampani akuluakuluwa ndi ukhondo, muyezo umodzi tsiku lililonse, kulandira bwino alendo ndi kulemba m'buku tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka. Zimenezi salipiritsa munthu. Amene ali ndi chuma chokwanira ndipo wawerenga zonse, abwereke dzinalo, timufunira zabwino. Koma amene chuma chake chonse ndi penshoni imodzi kapena munda wa makolo, ayambe wakhala pansi ndi pensulo ndi pepala asanapite kukasaina.