Tisathamangire simenti, dziwe lotaya madzi limachira ndi dongo



Okutobala akafika, madandaulo a eni maiwe a nsomba amakhala amodzimodzi tikatuluka ku Juma: dziwe likuphwa, makumba akupumira pamwamba, ng'azi ndi mbalame zikungotola. Pamenepo ambiri amathamangira njira ziwiri, kukumba dziwe kuti lizame, kapena kukongola ndalama zogulira simenti ndi pepala la pulasitiki. Ife tikuti zonsezi n'kutaya thukuta ngati sitinayambe tadziwa kumene madziwo akupita.

Maiwe athu ambiri tinawakumba kudimba kapena kudambo, kumene madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. M'dzinja madzi apansiwa amakwera n'kudzaza dziwe, ife n'kumati dziwe lathu ndi labwino. M'chilimwe amatsika, dziwe n'kutsika nawo. Dziwe lotere lili ngati chitsime chotakata: silisunga madzi, limangotsatira a pansi.

Kudziwa vuto sikulira ndalama. Zikani kamtengo m'dziwe, mudule chizindikiro polekeza madzi. Pambali pake ikani ndowa ya madzi, nayonso muilembe. Pakatha masiku atatu yerekezani. Zikatsika mofanana, ndi dzuwa chabe. Dziwe likatsika kuposa ndowa, ndiye kuti likutaya. Kenaka kumbani kadzenje mapazi angapo kuchoka pakhoma la dziwe. Madzi a m'kadzenjemo akalingana ndi a m'dziwe, n'kumatsikira limodzi, dziwani kuti mwini dziwe lanu ndi madzi apansi.

Tsono kukumba kozamitsa kuja n'koopsa bwanji? Kuno kunyanja malo ambiri ali ndi makande pamwamba, koma pansi pake pali mchenga. Khasu likaboola makandewo, mwatsegula khomo. Madzi amene ankatha pa mwezi adzatha pa sabata. Dziwe la makumba kapena chilunguni silifuna kuzama kopitirira: mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kumbali yozama ndi zokwanira.

Nanga simenti ndi pulasitiki? Pamtunda pouma zimagwira ntchito, sitikukana. Koma kudambo madzi apansi akakwera amakankha kuchokera kunsi. Pepala limatukumuka n'kuyandama, nsomba n'kulowa kuseri kwake. Simenti imang'aluka, makamaka tsiku limene mwakhetsa madzi kuti mukolole, chifukwa palibe cholemera chopondereza pamwamba. Tonse tinaona mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Madzi ngati amenewo thumba la simenti lingawaletse? Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Mankhwala ake tili nawo pakhomo: dongo, kapena dothi la pachulu. Liyeseni kaye. Linyowetseni, muumbe mpira, muuponye m'mwamba n'kuuwakha. Ukapanda kusweka, dothilo ndi labwino. Kololani nsomba, zotsala muzisunge kwa mnzanu, mukhetse madzi onse. Yendani m'khoma monse kufunafuna mauna a nkhanu ndi mbewa, njira za chiswe ndi mizu ya mitengo, pakuti mizu ikaola imasiya mpata. Pakati pa khoma lotayalo kumbani kangalande mpaka mupeze dothi lolimba, mudzazemo dongo. Apa m'pamene ambiri amalephera: amathira dongo lonse kamodzi. Thirani pang'onopang'ono, masentimita 10 kapena 15, wazani madzi, sinjani ndi chipika mpaka lilimbe, kenaka muthirenso. Pansi pa dziwe chitaninso chimodzimodzi, kawiri kapena katatu, ndipo mupondeponde matopewo monga tichitira m'munda wa mpunga. Ndowe za ng'ombe zimathandiza kutseka timipata totsala, komanso zimabiriwitsa madzi kuti nsomba zipeze chakudya.

Mukamaliza musalisiye padzuwa, dongo likauma limachita ming'alu. Lowetsani madzi msanga. Kumtunda kwa dziwe kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo m'makoma mubzale kapinga. Mitengo ikhale patali.

Tikudziwa zimene ena anene: "Shehe, Okutobala kukutentha, tikusosanso m'munda, dongo tisenza liti?" N'zoona, ntchitoyi ndi yowawa. Koma nthawi yake ndi yomweyi, pamene madzi apansi ali kutali. Mvula ikagwa, m'dzenjemo mumadzadza madzi ndipo dongo silisinjika. Mukadikira, mwataya chaka. Kumbukiraninso kuti Novembala ndi Disembala boma limatseka makoka panyanja kuti chambo chiswane. Anyamata athu amakhala pagombe manja ali m'thumba. Bwanji osagwirizana mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, lero dziwe la uyu, mawa la uyo? Tiyambire dziwe la mayi wamasiye kapena la gogo amene alibe womusenzera dongo. Imeneyonso ndi sadaka.

Chambo cha m'nyanja chikuchepa, aliyense woponya ukonde akudziwa. Dziwe lakudimba ndi limene lidzapatsa ana ndiwo ndi ndalama ya makope. Madzi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo kuwasiya azingolowa mumchenga tili chipenyere si kuyedzamira kwa Iye. Tiyese dothi sabata ino, tisenze dongo mvula isanagwe, zotsalazo tisiye m'manja mwa Mwini rizki. Insha Allah tidzakolola.