Tikufuna muyeso weniweni wa adyo ndi nimu

Alimi anzathu, mvula ikalimbikira ku Dedza ndi ku Ntcheu, chiwawu chimatha kupsereza munda wonse wa tomato kapena mbatatesi m'masiku ochepa. Tinazolowera kuthamangira Dithane. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambirife tinayamba kupopera mopereweza, ena kulekeratu. Dziwaninso kuti mu 2020 mayiko a European Union anagamula zoletsa mancozeb, mankhwala omwe ali mu Dithane, poteteza thanzi la anthu.

N'chifukwa chake makalabu ena akusinja adyo, masamba a nimu kapena a papaya, kuviika m'madzi usiku wonse, kusefa pansalu n'kuthiramo sopo pang'ono kuti mankhwalawo amatirire pamasamba. Zimathandiza ndithu, koma tisanamizane: zimateteza mbewu, sizichiritsa. Dzuwa ndi mvula zimachotsa mphamvu yake msanga, choncho tizipopera madzulo, sabata ndi sabata, matenda asanaoneke. Masamba omwe ada kale tizithothola n'kukwirira.

Chotidandaulitsa ndi muyeso. Uyu akuti manja awiri pa ndowa, winayo akuti theka la thumba, ndipo wochulutsa amawotcha mbande zake yekha. Mbewu yogula ndi ngongole si yoyeserapo mwayi.

Tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti akatswiri a ku Bvumbwe ndi ku LUANAR adzayesere mankhwalawa m'minda mwathu, ife tikuona, kenaka atilembere miyeso yake m'Chichewa. Atsogoleri a makalabu, kakambiraneni pempholi ndi alangizi a m'dera lanu mvula isanagwe.