Akufuna kubweza mng'ono wanga kumudzi kaamba ka intaneti

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 28, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi. Timakhalanso ndi mng'ono wanga wa Fomu 3 yemwe tidamutenga mayi athu atamwalira. Chaka chatha amuna anga adagula rauta yoikamo simukhadi kuti tikhale ndi intaneti pakhomo, ndipo amagula bandulo mwezi ndi mwezi.

Masana intanetiyo imathamanga bwinobwino. Koma iwo akaweruka kuntchito cha m'ma 7 koloko madzulo, chilichonse chimangozungulira. Mpira umadukaduka, mafayilo akuntchito salowa. Pogula adawauza kuti liwiro lake ndi 20 Mbps. Ndiye akuti mlamu wawoyo ndi amene akumaliza intaneti ndi makanema a pa TikTok, mwinanso adagawira anzake password. Mwanayo amakana mpaka kulira. Sabata yatha andiuza kuti teremu ino ikatha abwerere kwathu ku Ntcheu, chonsecho kumeneko kulibe womusamala. Kodi munthu mmodzi angafoole intaneti ya nyumba yonse? Nditani ine?

NM, Area 25, Lilongwe

Zikomo NM,

Pukuta misozi mwana wanga, mlandu uwu sudazengedwe. Iwe umadziwa momwe mpope wa madzi umachitira m'mawa aliyense m'dera akatsegula wake: madzi amangodontha. Ukatsegula pakati pa usiku amatuluka mwamphamvu. Rauta yanuyo ndi chimodzimodzi. Imatunga pa nsanja ya netiweki yomwe anthu onse a m'dera lanu amatungapo. Masana ambiri amakhala kuntchito ndi kusukulu. Madzulo onse abwerera, aliyense foni kumanja, ndiye liwiro limagawanika. Nthawi imene bambo akunyumbako amafika ndi yomweyo imene nsanja imakhala italemedwa.

Za 20 Mbps zija, akawerengenso bwino pepala lomwe adawapatsa. Kawirikawiri makampani amalonjeza liwiro "lofika mpaka" pamenepo, osati la ola lililonse. Komanso 20 Mbps si mamegabayiti 20. Umagawa ndi 8, ndiye amakhala mamegabayiti awiri ndi theka pa sekondi. Fayilo ya 1 GB imalowa m'mphindi pafupifupi 7 zinthu zikakhala bwino, koma liwiro likatsikira pa 4 Mbps, fayilo yomweyo imadya mphindi zoposa 30. Nthawi zina vuto limachokera kutali kwambiri. Mu Meyi 2024 zingwe za intaneti za pansi pa nyanja zitaduka, anthu ku Malawi, Tanzania ndi Mozambique adavutika masiku angapo. Pamenepo panalibe mlamu wa munthu.

Sindikunena kuti mng'ono wakoyo ndi mngelo ayi. Mafoni onse a m'nyumba amagawana liwiro limodzi, ndipo kanema amadya kwambiri kuposa mauthenga. Iye akamaonera TikTok, iwe uli pa Facebook, bambo akufuna mpira, aliyense alandira pang'ono. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaloze munthu chala, chitani izi.

Pa foni ya bambo tsegulani tsamba loyezera liwiro, monga Speedtest. Yezani 6 koloko m'mawa, masana ndi 8 koloko usiku kwa masiku atatu, muzilemba m'kope. Tsiku lina madzulo nonse muzimitse Wi-Fi, patsale foni ya bambo yokha. Ikakhalabe yofooka, mwanayo alibe mlandu. Rauta imaonetsanso mndandanda wa mafoni omwe alumikizidwa. Mukapezamo achilendo, sinthani password basi, nkhani yatha.

Onaninso pomwe mudaiika. Rauta yobisidwa kuseri kwa TV kapena pansi pa tebulo imavutika, chifukwa makoma a njerwa ndi zitsulo zimatchinga. Ikhale pamwamba, pafupi ndi zenera. Funsani kukampani ngati bandulo yanu ili ndi malire, poti ena amachepetsa liwiro mukadutsa mlingo wina ngakhale mwezi usanathe. Mafayilo akuluakulu bambo azikopera m'bandakucha. Mukaona kuti liwiro n'lotsika usana ndi usiku, tengani kope lija mukadandaule kukampaniko, ndipo akapanda kukuthandizani, bungwe la MACRA lilipo.

Tsopano ndikunong'oneze za m'nyumba. Mwamuna sabweza mwana wamasiye kumudzi chifukwa cha mpira wodukaduka. Mwina pali china chikuwalemera: fizi, chakudya, kuchepa kwa malo, kapena amaona ngati pakhomo pawo sakuwerengedwa. Usawafunse ali kutsogolo kwa TV mtima uli m'mwamba. Sankha nthawi yoti adya, apuma, muli awiri kuchipinda. Uyambe ndi kuwathokoza posunga m'bale wako, chifukwa si amuna onse amavomera. Kenako uwafunse chomwe chikuwavuta kwenikweni, ndipo umvetsere osawadula pakamwa.

Mng'ono wakonso umulangize. Mwana wa Fomu 3 mayeso a MSCE ali pakhomo, madzulo ndi nthawi ya mabuku. Mugwirizane kuti kuyambira 7 mpaka 9 koloko foni yake izikhala kwa iwe. Bambo akaona kuti mwawalemekeza, mtima utsika. Akaumirirabe zomubweza ngakhale kope litamuyeretsa mwanayo, itanani ankhoswe, chifukwa pamenepo nkhani si ya rauta. Bandulo ikatha mumagula ina, koma mwana akasiya sukulu pa Fomu 3 kubwereranso n'kovuta.

Udzandilembere zomwe mwapeza.

Azakhali