Namasupuni asasanduke mbewu yolima

Magetsi akathima mu Area 23 ku Lilongwe, aliyense amatchula ESCOM, koma mbali ina ya vutoli imayandama pamadzi ku Liwonde. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anayamba kuoneka kumunsi kwa Shire m'zaka za m'ma 1960. Lero amaunjikana ndi zomera zina pa Kamuzu Barrage ku Liwondeko, ndipo wodutsa pamenepo amakatseka polowera madzi m'nyumba zopangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mphamvu yake ili pa kuswana. Amaphukira ana m'mbali, moti madzi akakhala ofunda ndi achonde, malo amene waphimba amawirikiza kawiri pamasabata awiri okha. Njere zake zimatha kugona m'matope zaka 20 osafa. Pomwe wayala, dzuwa silifika pansi, mpweya umachepa m'madzi, nsomba zimathawa, ndipo m'mizu yake mumabisala udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Komabe alipo ena, osati opepera ayi, amene amati tileke kumuona ngati mdani. Feteleza wakwera mtengo, pomwe namasupuni amawola n'kukhala manyowa. Mapesi ake ouma amalukira madengu, ndipo mizu yake imayamwa zonyansa m'madzi. Anthuwa amalozanso ku South Africa, komwe nkhono ya m'nyanja ya zikamba ziwiri yochokera ku Mediterranean inafika kugombe la kumadzulo cha m'ma 1979. Lero amaiweta ku Saldanha Bay n'kumagulitsa, ndipo mbalame ina yakuda ya m'gombelo inachulukana chifukwa inapeza chakudya chochuluka. Zonsezi n'zoona. Chimene satchula n'chakuti nkhono yomweyo inalanda miyala ya nkhono zachikhalire, ndipo palibe amene angaichotsenso m'nyanjamo. A ku South Africa sanachite kusankha. Anangopeza phindu pa chinthu chimene chinawagonjetsa kale. Ku North America, nkhono inzake yotchedwa zebra mussel, yomwe inapezeka mu Lake St Clair mu 1988 itabwera ndi madzi a m'sitima zapamadzi, inadzaza m'mapaipi a madzi akumwa ndi a nyumba zopangira magetsi, ndipo kuipala ndi ntchito ya chaka ndi chaka.

Ndiye namasupuni wovuulidwa kale tizimugwiritsa ntchito, kumusiya pagombe n'kuwononga. Koma tisanamizane kuti malonda angamuthe. Thupi lake ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100, choncho wonyamula ngolo yodzaza amatsala ndi manyowa ochepa zedi. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu akayamba kudyera chinthu safuna chithe, ndipo sipatenga nthawi kuti wina akachiponye m'dambo la kwawo kuti chikhale pafupi.

Tizilombo ta Neochetina tomwe tinabweretsedwa m'zaka za m'ma 1990 timafooketsa namasupuni, makina a ku Liwonde amamudula, koma chomwe chimamunenepetsa chimachokera kumtunda. Madzi a m'zimbudzi zosefukira nthawi ya dzinja, zinyalala za m'misika ndi feteleza wokokoloka m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndizo chakudya chake. Mtsinjewo umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi ku Salima, ndipo nyanjayo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, lomwe ndi Shire.